Galimoto Yokana Kumanzere

Galimoto yofiira inaima nji pakati pa msewu. Mphenzi anakankha kandodo kutsogolo. Osayenda. Anakankhira kumbali. Osayenda. Anadina batani mpaka chala kuchita dzanzi. Galimoto ili phee pa TV, ngati yatha mafuta.

"Achimwene, mwaima kuti mugule chiyani?" anafunsa mlongo wake.

"Khala chete, Gundakhoma."

Dzina limeneli anam'patsa ndi iyeyo. La Mphenzi nalo anadzipatsa yekha.

Kompyutayo inali yakalekale. Amayi awo ankaseweretsa ali mtsikana. Inali yotuwa, mabatani okhuthala ngati zidutswa za sopo, ndipo ankailumikiza ku TV ya pabalaza. Masewera ankachokera mu kaseti. Asanayambe, inkalira ngati mphaka wopondedwa mchira. Kumbali kwake kunali masoketi awiri olowetsamo tindodo toseweretsa. Yoyamba inali ya Mphenzi. Yachiwiri ya mlongo wake. Lamulo limeneli silinkasintha.

Pa mpikisano wa galimoto Mphenzi anali asanagonjepo. Kalasi yonse inkadziwa, chifukwa ankaiuza tsiku ndi tsiku. Loweruka anzake anali akubwera kudzaona ndi maso. Tsikuli linali Lachisanu.

Anazula pulagi ya kandodo n'kuuzira mu soketi. Fumbi lonse m'maso. Anaimenya kompyuta pambali. Chithunzi chinangonjenjemera. Anagwada pamaso pa kompyutayo.

"Agogo, chonde. Musandichititse manyazi."

Amayi anatulukira kuchokera m'kachipinda kawo kokonzera mawailesi, magalasi ali pamphumi.

"Ndani akumenya kompyuta yanga?"

"Ndimaipukuta fumbi, amayi."

"Ndi chibakera?" Anamusuntha ndi bondo. "Matenda safufuzidwa ndi ukali. Sintha chinthu chimodzi, uone. Tenga kandodo ka mlongo wako, ulowetse mu soketi yako."

Anatero. Galimoto yofiira ili chiimire.

"Ndiye kandodo kalibe mlandu. Vuto lili m'kati. Dikirani, ndikatenthetse chowotcherera."

Amayi atatuluka, Mphenzi anayang'ana soketi yachiwiri. Anali asanaikhudzepo. Inali ya ana. Koma manja ankamuyabwa, ndipo mawa linali pafupi. Analowetsa kandodo kake. Galimoto yabuluu, ya mlongo wake, inaliyatsa liwiro. Kumanja inakhota bwinobwino. Kenako panabwera pokhota kumanzere.

Phwaa! Khoma.

Anayambiranso. Phwaa!

"Ikukana kumanzere!"

"Ndakhala ndikukuuzani," anatero mlongo wake.

Zinali zoona. Ankanena kawirikawiri, ndipo yankho la Mphenzi linali limodzi: wosadziwa kuvina amati ng'oma njobooka.

"Nanga iwe umakhota bwanji?"

Mtsikanayo anavula silipasi. Anatambasula mwendo, n'kupanikiza pulagi ndi chala chachikulu.

"Kankhani tsopano."

Galimoto inakhota.

"Imafuna kuipanikiza. Pena imamva, pena ayi. Ndi ukalamba basi, ndinazolowera."

Mphenzi anauyang'ana mwendowo. Mwendo umenewu ankauseka zedi. Ankati mlongo wake amasewera ngati tambala wopalasa. Tsopano anakumbukira china. Ngakhale ankagunda makoma, mwanayu ankamaliza pafupi kwambiri ndi iye. Pafupi zedi. Nanga soketiyo itachira?

Amayi anabwera ndi zida zawo. Anatuma mtsikanayo kuti akapereke wailesi kwa aneba. Anazula waya wa magetsi, n'kumasula chivundikiro. M'kati munali bolodi yobiriwira, timisewu tasiliva, ndi kangaude wouma yemwe mwina anamwalira Mphenzi asanabadwe.

"Maso angawa tizing'onoting'ono sakuonanso," anatero amayi, akumupatsa galasi lokulitsa zinthu. "Yang'ana pamene timano ta soketi tinawotchereredwa ndi mtovu. Ukaona mng'alu, unene."

Anauona. Wowonda ngati tsitsi, utazungulira kadzino kamodzi pansi pa soketi yake.

"Apa!"

"Eya. Kuzulazula mwaukali kuja. Gwira bolodi, usapume."

Chowotcherera chinati tsii. Kautsi kanakwera. Mtovu unasungunuka n'kukhala kadontho konyezimira.

"Kwinako kuli bwino?"

Mphenzi anasuntha galasi kupita pa soketi yachiwiri. Mng'alu uli poyera. Waukulu kuposa wake. Unkachita ngati ukumusekerera.

Anaganiza za anzake. Anaganiza za Lolemba, nthawi yopuma, kalasi yonse ikukamba.

"Kuli bwino," anatero. Mawuwo anatuluka ngati a munthu wina.

Amayi anabwezera chivundikiro n'kuyamba kumanga. Anali atatsala pang'ono kumaliza pamene chitseko chinatseguka. Mlongo wa Mphenzi analowa ali wefuwefu.

"Yachira? Eee, mwapulumuka achimwene! Mawa muwaonetse zakuda. Aja ankati mumanama aja asowe pobisa nkhope."

Anakhala pansi pamalo pake. Anavula silipasi, n'kutambasula mwendo kudikira. Mphenzi anachiona chalacho. Kunsonga khungu linali litakhuthala, lolimba ngati chikopa cha nsapato.

"Amayi."

"Ee."

"Masulaninso."

"Ndangomanga kumene."

"Kuli mng'alu wina. Pa soketi yachiwiri."

Amayi anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana pamwamba pake. "Wamera liti?"

Mphenzi anayang'ana kudenga. Kudenga kunalibe thandizo.

"Unalipo."

Amayi sanakalipe. Anangomupatsa sikuludiraiva. "Masula wekha. Zala zanga sizigwira ntchito imodzi kawiri."

Loweruka pabalaza panadzaza. Ena pampando, ena pansi, wina pawindo. Kaseti inalira kulira kwake kwa mphaka, ndipo onse anatseka makutu. Mphenzi anatambasula zala ngati dokotala. Anatenga yofiira. Mlongo wake yabuluu.

Mbendera inagwa.

Yabuluu inangoti zii. Pokhota kumanzere inadutsa ngati madzi m'paipi. Mphenzi anakankha, anadina, anapendekeka thupi lonse mpaka kugwera mnzake. Asanazungulire kawiri, chinthu chabuluu chinamudutsa kuchokera kumbuyo. Analuma mano. Analowa pokhota ndi liwiro lonse.

Phwaa!

Chiphwete chinagwedeza mawindo.

"Pepani, tatikumbutsani," anatero wapawindo uja, akupukuta misozi. "Paja Gundakhoma ndi uti pa awiriwa?"

Nkhope ya Mphenzi inatentha. Anakweza kandodo m'mwamba. "Kandodo aka..."

"Ng'oma yabooka, achimwene?" anafunsa mlongo wake mwaulemu kwambiri.

Mphenzi anatseka pakamwa. Anayesa kukwiya. Zinakanika. Kuseka kunamutulukira m'mphuno.

"Ayi," anatero. "Ng'oma ili bwino. Wovina ndiye wapepera."

Anzake anachita mzere kuti aliyense ayese mwayi ndi mtsikanayo. Anawakwapula onse, mmodzimmodzi, mwendo uli chitambasulire pa pulagi ngakhale panalibenso chifukwa.

Atabalalika, Mphenzi anatola makapu. Anawongola mipando. Anasesa ngakhale posafunika kusesa. Kenako anakhala pansi, pafupi ndi mlongo wake.

"Iwe."

"Wawa, achimwene."

"Tandiphunzitsa pokhota paja."

Mtsikanayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Vulani kaye nsapato."

Mphenzi anayang'ana kukhomo. Kunalibe munthu. Anawerama n'kuyamba kumasula zingwe.