Ulemu, Ukali ndi Mvula

Anthu a mumsewu uja amaikamba mosiyanasiyana nkhaniyi, koma onse amayambira pa galimoto yofiira ya a Madala.

Inali galimoto yoti ukaiona umayamba wakonza kolala ya malaya ako. Yaifupi, yotambalala m'chiuno, matayala ake onenepa. Ikalira m'mawa mazenera a nyumba zoyandikana ankanjenjemera, agalu n'kuiwala kuuwa. A Madala anagulitsa matayala moyo wawo wonse, ndipo atapuma ntchito anati nthawi yakwana yoti nawonso awaperepese. Ana awo anadandaula. Iwo anangoseka, n'kukagula nsalu yatsopano yopukutira.

Galimotoyo inali ya otomatiki, yosintha magiya yokha. Koma pakati pa mipando yakutsogolo panali kachitsulo kozungulira, konga chivindikiro cha botolo, kamene kankasintha khalidwe lonse la galimoto. Mayina a m'buku la fakitale a Madala analibe nawo ntchito, anatcha awoawo. Ukakatembenuzira kumanzere, nyale za pa dashibodi zinkayera, galimoto n'kufewa, mabampu osawamva. Umenewo unali Ulemu. Ukakapititsa kumanja, nyale zinkafiira, chiwongolero n'kulemera, injini n'kusintha mawu, giya iliyonse n'kumaikoka mpaka kumapeto. Umenewo unali Ukali. Kupitirira apo kunali Mvula, ya nyale zabuluu, pamene galimoto inkaponda pansi mosamala kuti matayala asaterereke.

"Muno mumakhala anthu atatu," ankatero a Madala. "Kuyendetsa n'kudziwa woti umuitane, komanso nthawi yake."

Mkamwini wawo ankakonza mafiriji. Ankayendetsa kapikapu kakale ka giya ya pamanja, ndipo poti firiji sifuna kugwedezeka, anazolowera kuyenda ngati wanyamula mazira ngakhale kumbuyo kulibe kanthu. A Madala anamutcha a Nkhono, dzinalo n'kumamatira mpaka kwa makasitomala. Iye sankakwiya. Kunena zoona, ankawasirira apongozi akewo. Akamukweza, sankayang'ana msewu. Ankayang'ana dzanja lawo lamanzere, lija linaduka chala chapakati pa makina kalekale, likusewera ndi kachitsulo kaja. Munthu wamkuluyo ankadziwa za msewu msewuwo usanafike.

Tsiku limodzi lokha ndi limene anamukhazika pa chiwongolero, ndipo sanafike n'komwe pa geti. Phazi lamanzere, lozolowera kilatchi, linafunafuna pansi, linapeza buleki, n'kuiponda ndi mphamvu zonse. A Madala anapsompsona galasi.

"A Nkhono, muno mulibe kilatchi," anatero akusisita mphuno. Kenaka anamumenya pa bondo. "Mwendo uwu muupinde, muuiwale. Tsiku lina udzakuphetsani."

Kiyi anabwerera m'thumba mwa mwini wake, ndipo sukuluyo inathera pomwepo.

Ndiye sitiroko inadzawagwetsa a Madala m'bafa. Mbali yonse yamanzere inauma. Anawatengera ku chipatala chachikulu, kuseri kwa mapiri, ndipo mwana wawo wamkazi, mkazi wa a Nkhono, sanachoke pambali pa bedi. Patapita masiku madokotala anati pali kusintha. Azakhali ake, mlongo wa a Madala, anamuumiriza kuti abwerere kunyumba akaone ana, akagoneko tulo.

Madzulo a tsiku lomwe anafikalo panalibe chachilendo. Ana ankalimbirana limoti pabalaza. A Nkhono anali panja, kapikapu kawo atakamasula ladiyeta, zitsulo zili mbwee pa simenti. Nyale za mumsewu zinali zitangoyaka. Foni inalira m'khitchini, ndipo patapita kanthawi mkazi wake anatuluka atanyamula nsapato m'manja.

"Bambo a mwana, azakhali akuti mpweya wasintha. Akuti mawa saliona." Mawu ake anali ouma gwa. "Ine ndinawasiya ali mtulo. Sindinatsanzike."

A Nkhono anayang'ana ladiyeta ili pansi. Mabasi opita kuseri kwa mapiri anali atatha. Onse awiri anatembenukira ku galaja ya a Madala, yomwe inali mumpanda womwewo.

Ana anawasiya kwa neba. Kiyi anamupeza m'thumba la jekete la apongozi. M'galimoto munkanunkhira chikopa ndi maswiti a minti amene a Madala ankayamwa poyendetsa. Anadina batani, injini inadzuka, nyale zoyera za Ulemu n'kuwala. A Madala sankaimika galimoto ili pa khalidwe lina. Ankati munthu sagona ndi mkwiyo.

Anapinda mwendo wamanzere mpaka pansi pa mpando, monga anauzidwira, n'kutuluka pa geti.

Anayenda monga a Nkhono. Njinga zamoto zinkawapitirira. Galimoto yoti ikanatha kumeza msewu wonse inkangoyenda mwakachetechete, yomvera, ngati ikudziwa kuti pampando pali mlendo. Mkazi wake anangofumbata foni ndi manja awiri pachifuwa.

Nyumba zinatha, mdima unagwira. Pa msewu wautali wopita ku mapiri anapeza thiraki yaitali ikukwawa, utsi uli tolotolo. A Nkhono anakhala kumbuyo kwake. Ankasuzumira, n'kubwerera. Kusuzumira, kubwerera. Foni inaliranso.

"Muli pati?" Mawu a azakhali ankamveka ngakhale kwa woyendetsa. "Fulumirani, ana inu."

Foni inaduka.

Kenaka, *thi*.

Dashibodi yonse inafiira. Mpando unamugwira m'nthiti. Chiwongolero chinalemera m'manja, ndipo injini, yomwe inkangonong'ona, inatsika magiya n'kuyamba kubangula chapansipansi.

"Mayi a mwana, musakhudze zimenezo."

"Ndakhudza chiyani ine?"

Anayang'ana. Manja onse a mkazi wake anali pa foni, pachifuwa. A Nkhono anatambasula dzanja, anabwezera kachitsuloko kumanzere. Kanali kotentha, ngati wina wangochotsapo dzanja. Nyale zinayeranso.

Sanayende patali. *Thi*. Ulendo uno anakaona ndi maso ake kakutembenuka kokha, pang'onopang'ono, mosakayika. Fungo la minti linadzaza m'galimoto, lamphamvu, ngati munthu akupumira pakati pa mipando. Anayang'ana pa galasi loonera kumbuyo. Mpando wakumbuyo unali wopanda munthu.

Anatambasulanso dzanja, koma mkazi wake analigwira.

"Asiyeni," anatero motsitsa.

Sanati kasiyeni. Anati asiyeni.

Kutsogolo kwa thiraki msewu unali woyera, wowongoka, wopanda nyale ina iliyonse. A Nkhono anatulutsa mphuno ya galimoto, n'kuponda moto pang'ono chabe.

Abale, galimoto ija! Mutu wake unakakamira kumpando. Thiraki yaitali ija inadutsa pawindo ngati nsalu yokokedwa pa chingwe. Giya inalowa, ina n'kulowa, popanda kudukiza, popanda kugwedeza. Iye ankadikira kuti galimoto iyamba kuvina, koma ikamathamanga m'pamene inkakhazikika, ngati matayala amera mizu mu phula. Pokhota inkatsika giya yokha iye asanaganize n'komwe, n'kutuluka pakona ikukoka. Mantha analipo, inde, koma pansi pa manthawo panali chinthu china chimene anachita nacho manyazi. Ankamva kukoma. Kwa nthawi yoyamba anamvetsa chimene chinkawaseketsa apongozi ake okhaokha m'galaja.

Anakwera phiri lonse nyale zili psuu. Pamwamba msewu unali wouma, nyenyezi zili mbee, mtambo ngakhale umodzi kulibe.

*Thi*.

Buluu. Galimoto inafewa mwadzidzidzi. Akaponda moto inkayankha mwaulesi, ngati ikumufunsa kaye ngati watsimikiza. Liwiro linatsika.

"Ayi, ayi, nthawi ino ayi!" Mkazi wake tsopano ndi amene analira. "Mvula ili kuti? Bwezerani!"

A Nkhono anaika zala pa kachitsuloko. Sikanasunthe. Anakakamiza. Kanali ngati akawotcherera.

Anachotsa phazi pa moto. Analowa pakona yotsikira, yokhotera kuseri kwa thanthwe, ndipo nyale zinagwa pa msewu wonyezimira. Sanali madzi. Lole yonyamula migolo inali itagona chammbali, mafuta akuyenderera kuchokera uku mpaka uko. Munthu wina ankakupiza nthambi, koma anali pafupi kwambiri. Kumanzere kunali thanthwe. Kumanja kunali phompho, mpanda wake utathyoka kale.

Matayala atangoponda mafuta, kumbuyo kwa galimoto kunayamba kuyenda kokha.

Apa thupi linaiwala zonse zimene linauzidwa. Mwendo wamanzere unatuluka pansi pa mpando, unadzuka, ukufuna kilatchi. Ukanatera pa buleki ndi mphamvu za tsiku lija, dzanja nalonso likanatsatira kukoka chiwongolero, ndipo nkhaniyi bwenzi ikukambidwa mwina.

Sunatere. China chake chinamugwira pa bondo. Dzanja. Lolemera, lolimba, zala zikulowa m'mnofu. Linaukankhira mwendowo pansi n'kuupanikiza pomwepo. A Nkhono anangogwira chiwongolero mowongoka. Pansi pake ankamva galimoto ikugwira ntchito yake, tayala ili kugwira, ilo kusiya, ili kugwiranso, mofulumira kuposa mmene munthu angaganizire. Kumbuyo kunabwerera m'malo. Anadutsa pakati pa lole ndi phompho, munthu wa nthambi uja atatsegula pakamwa.

Phula louma litayambanso, dzanja lija linamasuka. Linamusisita pa bondo kamodzi, n'kuchoka.

*Thi*. Nyale zinafiiranso.

Anafika pa geti la chipatala. Galimoto anaisiya chopingasa, nyale zikadali zofiira, n'kuthamanga m'makonde onunkha mankhwala.

Azakhali anawachingamira pakhomo la chipinda, maso ali ofiira. "Alipo," anatero. "Alipo, koma taonani zimene akuchita."

A Madala anali chigonere, maso otseka, chubu m'mphuno. Koma dzanja lamanzere, lija linauma tsiku limene anagwa, linali pamwamba pa bulangete, zala zitazungulira kanthu kosaoneka.

"Dzanja limeneli silinasunthepo chibwerereni," ananong'ona namwino amene anaima kumiyendo. "Layamba foni ija itangoduka. Kutembenuza, kudikira, kutembenuza. Nthawi ina linafinya bulangete mpaka ndinalephera kulimasula."

Mwana wawo anagwada pambali pa bedi. "Adadi, ndabwera. Ndine."

Diso limodzi linatseguka. Linamuyang'ana kwa nthawi yaitali, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa inamwetulira. Iye analankhula zonse zimene sanalankhule m'mawa uja, akulira, akuseka, nkhope ili pa phewa la bambo ake. A Nkhono anaima ku khomo, bondo likuwawa, osadziwa poika manja.

Kenaka diso lija linamufuna iye. Milomo inagwedera. Anayandikira, anaweramitsa khutu.

"A Nkhono," mawu anatuluka okokeka, koma nthabwala inalimo ndithu. "Mwendo uja... ndinakuuzani."

"Munandiuza, bambo."

"Koma chiwongolero... mwagwira bwino."

Chikhalireni m'banjamo, aka kanali koyamba kumuyamikira pa nkhani ya galimoto. A Nkhono analira ngati mwana.

Pa bulangete, zala zija zinatembenukira kumanzere pang'onopang'ono. Kenaka chala chimodzi chinadina pansi, monga umachitira pozimitsa injini, dzanja n'kugwa chammbali. Namwino anayang'ana makina, n'kuyang'ana azakhali.

Kutacha, a Nkhono anatuluka kukaimika bwino galimoto. Anakumbuka kuti pothamanga paja sanaizimitse. Anaipeza yozima, boneti itazizira. Atadina batani, nyale zinayaka zoyera.

Makaniko wa pakona ya msewu wawo amati palibe chodabwitsa, magalimoto amasiku ano ali ndi nzeru zawo, ndipo waya akakhudzana amatha kuchita chilichonse. Anthu amamuvomera ndi mutu. Akachoka, amakumbutsana motsitsa zimene anaona pa maliro a a Madala, pamene a Nkhono anakwinya buluku kuti aonetse azakhali: zipsera zakuda za zala pa bondo lamanzere, ndi mpata pamene panayenera kukhala chala chapakati.

Galimoto yofiira ija ilipobe. Alamu ake a Nkhono anafuna kuigulitsa, mkazi wake anakana. A Nkhono amaitulutsa Loweruka, amaipukuta ndi nsalu ija, ndipo mumsewu wa kwawo amayenda nayo pa Ulemu, ana a njinga akumupitirira. Kachitsulo kaja sikanatembenukenso kokha. Koma mkazi wake amati akafika pa msewu wautali wopita ku mapiri, mwamuna wake amapinda mwendo, amachotsa dzanja pakati pa mipando, n'kudikira kaye pang'ono. Pakakhala zii, amapuma mozama, n'kutembenuza yekha.