Chifuwa cha pa Nambala 41

Chodabwitsa choyamba chinali chaching'ono. Fulashi inapezeka itazulidwa.

Kakhutu ankakumbukira bwino kuti madzulo anaisiya ili yobaya m'makina. M'mawa anaipeza m'bokosi la madiski akale, itaimitsidwa pakati pawo ngati nayonso ndi diski. Umu ndi mmene bambo ake ankachitira moyo wawo wonse, sankalola diski kugona m'makina. Koma bambo akewo anali atatha miyezi itatu m'manda.

Situdiyo yawo inali chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba, cha makoma okhomedwa masiponji otuwa, chokhala ndi khomo lachiwiri lotulukira ku kanjira ka kumbuyo. Pakati pake panali makina akale ojambulira mawu, a makiyi oyera ndi akuda ngati limba. Ukajambuliramo mawu, kiyi iliyonse inkawabwereza, ina motsika, ina mokweza. Nyimbo zonse za bambo zinali pa madiski makumi anayi. Dzina loti Kakhutu anamupatsanso ndi iwo, chifukwa ali wamng'ono ankamva woimba akaphonya, ngakhale mwini wakeyo asanadzimve.

Kachipangizo kowerenga madiski katayamba kuwatafuna, Kakhutu anaitana mmisiri, nkhalamba ya magalasi omangidwa ndi waya. Itatsegula makinawo, munatuluka fungo la mkodzo wa makoswe, ndipo mphemvu zinabalalika pa tebulo, mazira ake atamatirira ku mawaya ngati nyemba zowola. Mmisiriyo anapukuta zonse osadandaula, n'kuikamo kabokosi katsopano ka mabatani awiri, kabowo ka fulashi ndi kagalasi koonetsa manambala ofiira. Diski iliyonse anaikopera pa nambala yake, kuyambira 1 mpaka 40.

"Kuyambira 41 kupita m'tsogolo ndi munda wosalima," anatero. "Mulimemo inuyo."

Kachipangizo kakaleko anakakulunga m'mpango wake woyera n'kumupatsira ndi manja awiri. "Onani apa pomwe pathera utoto. Ndi chala cha bambo anu. Musakataye."

Usiku wotsatira tsiku lomwe fulashi inapezeka itazulidwa, kunamveka kutsokomola.

Chipinda cha amayi chinagundana khoma ndi situdiyo, ndipo Kakhutu ankagona nawo chiyambire maliro. Magetsi anali atazimitsidwa, galu wa kwa aneba atatopa kuuwa, pomwe kuseri kwa khomako kunabwera chifuwa chonyowa, chokoka, chomveka ngati munthu akuzula phazi m'matope. Chinamveka katatu, kenako kunali zii, kenako katatunso. Palibe anafunsa mnzake kuti ndi chiyani. Onse awiri anachezera nacho chifuwa chimenecho milungu isanu ndi umodzi m'chipatala.

"Ndi abambo ako," amayi ananong'ona, zala zawo zitalowa m'mkono wa mwana wawo.

Pomwe Kakhutu amapeza kiyi n'kukatsegula situdiyo, munali mdima wokhawokha, makina ali ozima koma ofunda, fulashi ili m'bokosi.

Mawa lake nkhani inali itafika kale ku mpope. Ena ankati malemu akwiya chifukwa makina awo awatumbula. Mayi wogulitsa makala ankalumbira kuti anaona munthu wamtali ataima pa windo, ngakhale situdiyoyo inalibe windo. Amayi anasiya kudya. Ankati chakudya chikuwanunkha mankhwala a m'chipatala.

Masana kunabwera bambo aang'ono, mng'ono wa malemu, amene anaimba nawo limodzi ali anyamata. Anakhala pa mpando wa mkulu wawo, n'kumatola nyama ya m'mbale ya amayi ndi zala, mafuta akuyenderera pa chibwano.

"Alamu, munthu sumuchotsa mtima n'kumuikira wapulasitiki," anatero akutafuna. "Ndinanena ine. Ana a masiku ano akangoona mabatani, mutu zwee."

"Ndimafuna kupulumutsa nyimbo zawo, bambo," Kakhutu anayankha akuyang'ana pansi.

"Wazipulumutsadi. Mpaka mwini wake wadzuka." Anayang'ana amayi. "Chinthuchi chichoke pano chisanakutengeni nanunso. Ndidzachinyamula ndekha, ndikudziwa kochisiya."

Usiku wachitatu chifuwacho chinabwera mozama, ngati chikuchokera pansi pa simenti. Amayi anasanza m'beseni, ndipo kutacha ananena mawu awo. "Loweruka makinawa atuluke. Ndaika mwamuna kamodzi, sindingamuikenso usiku uliwonse."

Kakhutu sanatsutse. Koma ankadziwa kuti popanda makinawo madiski aja ndi zigamba chabe, fulashi ndi kachitsulo chabe, palibe china chingaimbe nyimbo za bambo ake.

Lachisanu usiku sanagone pa bedi. Anakhala pansi m'khonde lamkati, msana pa chitseko cha situdiyo, kiyi ili kale m'loko. Simenti inkazizira, ndipo m'denga makoswe ankakoka kanthu kolemera pang'onopang'ono. Anamva wailesi ya kwa aneba ikuzima, mpope ukudontha, mpweya wa amayi ukulira mluzu. Kenako, pafupi kwambiri, kuseri kwa thabwa lomwe anatsamira, masipika anayamba kung'ung'uza, ndipo bambo ake anatsokomola.

Kakhutu anapotokola kiyi n'kukankha chitseko. M'chipindamo munalibe munthu, koma mpweya wake unali utangoyenda kumene, ndipo kansalu ka pa khomo la kumbuyo kankagwedezeka. Khomolo linali lotseka. Ulendo uno makina anali oyaka, fulashi ili pa malo pake, kagalasi kakuwala mofiira mumdima: 041.

Anagwira kiyi imodzi yapakati pa makinawo. Chifuwa chija chinatuluka. Anagwira ya kumanzere, chinatuluka chozama, chochedwa, makhololo akumveka kuwira pakhosi. Ya kumanja inatsokomola ngati khanda. Makiyi onse omwe bambo ake anaimbira nyimbo zaukwati tsopano anali odzaza ndi imfa yawo. Malovu owawa anamudzaza mkamwa, anathamangira panja n'kukagwada pa ngalande.

Loweruka m'mawa bambo aang'ono anafika ndi zingwe komanso bulangete lokutira. Anapeza mmisiri ali kale m'situdiyo, atayandikitsa nkhope ku kagalasi ka makinawo. Kakhutu anali atakamugogodera kusanache.

"Akufunanji uyu? Sanakhute kutumbula?" anafunsa bambo aang'ono.

"Ndangobwera kudzatsanzikana ndi ntchito yanga, bwana," anatero mmisiri osatembenuka. "Koma pali chondisokoneza. Mawuwa makina akuti ndi a masekondi khumi ndi awiri. Ife tikumva anayi okha."

"Ndiye kuti chiyani, amisiri?" Kakhutu anafunsa.

"Ndiye kuti amene anawajambulira muno ndi katswiri, koma anali pa changu. Anangosuntha malire kuti mawu athere pomwe akufuna. Kudula kwenikweni, kotaya zotsalazo, sanadule. Mchira wake ukadalipo." Anavula magalasi n'kuyang'ana amayi, omwe anaima pa khomo atagwira mphuthu. "Mayi, mukhoza kukakhala kaye panja. Ndidzakuuzani ndekha, mwaulemu."

"Ndi mwamuna wanga," anatero amayi. "Tsegulani."

"Alamu, zinthu zina sitiputa," bambo aang'ono anayamba, koma mmisiri anali atapotokola kale kagudumu ka pa makinawo, n'kutsitsa chala pa kiyi.

Chifuwa chinamveka katatu. Kenako beseni lachitsulo linagunda chitsulo cha bedi. Kenako mawu a bambo, otha mphamvu, koma awo ndithu: "Iwe, chotsa foniyo pankhope panga. Ndipatse madzi."

Ndipo mawu ena, athanzi, apafupi ndi foniyo, anayankha: "Dikirani kaye, achimwene. Tsokomolaninso."

Palibe anayang'ana makinawo. Onse anayang'ana munthu wa zingweyo. Kakhutu anaona thukuta likutuluka m'mabowo a pa mphuno pake, anaona kadontho ka mafuta kouma pa kolala, ndipo khungu lonse la Kakhutuyo linanyansidwa ngati mphemvu zija zamukwera m'malaya. Munthu ameneyu ananyamula nawo bokosi la maliro. Analira mpaka anthu awiri kumugwira.

"Ndinkajambulira abale akutali, adziwe mmene zinalili," anatero bambo aang'ono. "Ndipo makinawa tinayamba nawo awiri. Mwana wamkazi adziwa chiyani za—"

"Tipatseni kiyi ya khomo la kumbuyo," anatero amayi.

Bambo aang'ono anapisa m'thumba n'kuiika pa tebulo. Amayi sanaikhudze. Mmisiri anasuntha mpando mwakachetechete n'kuuika kumbuyo kwawo, koma iwo sanakhale.

"Makinawa sachoka pano, ndi a mwanayu," anatero. "Pindani bulangete lanu."

Bamboyo anapinda, zingwe zikumugwa m'manja, n'kulunjika khomo. Atatsala pang'ono kutuluka, amayi analankhulanso, motsitsa kwambiri.

"Alamu. Tsiku limenelo ndinapita kukachapa zofunda zawo, ndinakusiyani inu pambali pa bedi. Madziwo munawapatsa?"

Bambo aang'ono anaima, dzanja lili pa chitseko. Kenako anatuluka. Amayi anadikira nthawi yaitali, mpaka mapazi a bamboyo anamveka akutha m'kanjira.