Mpando wa Kumanzere

Ine Tupochile sindine munthu wa nkhani za mizukwa, amene ndinkapemphera nawo ku Nairobi angandichitire umboni. Koma iyi ndinaimva ndi makutu angawa, kwa munthu amene analipo. Alamu anga a Dunstan nawonso ali moyo, akadali ku Ngong kufupi ndi Nairobi, kawafunseni.

Akulu anga a Lorna ndi alamuwo anabwera ku Kenya pa ntchito yokumba mijigo, koma mtima wawo unali pa mpikisano wa galimoto, uja wodutsa m'tchire ndi m'chipululu masiku angapo osaona tala. Alamu ankagwira chiwongolero. Akulu anga ankakhala mpando wa kumanzere, mapu ali pamwendo, n'kumauza amuna awo njira kudzera m'kawailesi ka m'chisoti. Eee, mayi uja anali katswiri! Galimoto ikudumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi njuchi, iwo osagwedera ngakhale mawu. Chizungulire ankathana nacho ponunkhiza khungu la ndimu, moti galimoto yonse inkangomveka ndimu.

Ankakonda kunena kuti, "Lamulo n'limodzi. Woyendetsa amamvera mawu a mpando wa kumanzere basi. Ngakhale mngelo atafuna kulankhula, adzere kwa ine."

Anamwalira mu 1998 atadwala sabata imodzi yokha, n'kusiya kamtsikana, Lily. Patapita zaka ziwiri alamu anagula galimoto ina, napeza wowauza njira watsopano, Charles, bambo wa ku Athi River wosadziwa Chichewa ngakhale moni. Atati akulowa mpikisano wopita ku chipululu cha kumpoto, ine ndinakwiya zedi.

"Alamu, mwanayu mayi alibe. Mukufuna asowenso bambo?"

Anangoseka. Lily anawagwira thalauzi nafunsa, "Adadi, mubwera?" Iwo anati abwera.

Zimene zinachitika ndikuuzani monga anafotokozera Charles atabwerako, tikumwa tiyi kunyumba kwanga, alamu ali pomwepo. Linali tsiku lachitatu la mpikisano, dzuwa lili paliwombo. Anali pa chigwa cha mchenga, see, chopanda ngakhale mtengo, ndipo mapu ankati njira n'njoongoka mtunda wautali. Alamu anaponda moto wonse. Kenaka kunauka mphepo, fumbi n'kutseka kutsogolo. Sanachepetse liwiro. Achepetserenji, mapu akuti kulibe kanthu?

Pamenepo Charles anamva fungo la ndimu.

Anayang'ana pansi, anayang'ana kumbuyo. Ndimu palibe. M'chisoti mwake munayamba kulira, siii. Phokoso la injini linakhala ngati lapita kutali. Kenaka anamva mawu a mzimayi, odekha, pafupi penipeni ndi khutu.

"Imani."

Apa mumvetse. Kwa ife mawu amenewa ndi olamula munthu kuti aime. Koma m'Chiswahili "imani" ndi chikhulupiriro. Charles anaganiza kuti mawuwo akuwalimbitsa mtima kuti apitirire. Tsitsi linamuima, komabe anabwezera maso pa mapu.

Mawu anabweranso, tsopano okwera. Kachitatu anachita kumulasa m'khutu. Iye, mantha atamukwana, anangowatulutsa momwe anawamvera, mokuwa:

"Imani!"

Alamu akuti iwo sanaganize chilichonse, phazi linapita lokha pa buleki. Galimoto inakhwekhwereza, inapotoka, inaima. Injini zii. Kunkangomveka mchenga ukuwaza pagalasi.

Fumbi litapungula anaona. Kutsogolo kunali chigwembe chakuya kuposa nyumba, chokumbidwa ndi madzi osefukira ochokera kumapiri, chosalembedwa pa mapu alionse. Tayala lakutsogolo linali pamlomo penipeni, dothi likugumukira pansi pang'onopang'ono. Anabwerera cham'mbuyo, nachenjeza anzawo pa wailesi. Tsiku limenelo palibe anagweramo.

Charles atafika apa, alamu anagwetsa misozi, ine kuyamba kuwaona akulira chichokereni kumanda.

"Chikundipweteka n'chimodzi," anatero. "Ine sindinamve kalikonse. Bwanji Lorna osalankhula ndi ine mwamuna wake?"

Ine mumtima ndinanyadira, sindinama. Ndinati, "Alamu, mwaiwala lamulo lawo? Akanalankhula m'chisoti mwanu mukanayamba kudabwa, kutembenuka, mwina kuyankha kumene. Anadzera ku mpando wawo."

Mwina mukuti ndi kutentha, munthu mutu umasokonezeka m'chipululu, ndipo mawuwo ndi a m'chinenero chake chomwe. Nanenso ndinayesa kudziuza choncho. Koma Charles anali asanamalize. Anazunguza kapu yake, nayang'ana kukhomo ngati wina akumvetsera, nandifunsa motsitsa mawu, akunditchula "dada", kutanthauza chemwali m'Chiswahili:

"Dada, galimoto itaima mayiyo ananenanso mawu amodzi, akuseka pang'ono. Ndawasunga, koma sindiwadziwa. Kodi 'ankhutukumve' n'chiyani?"

Alamu anaphimba nkhope ndi manja. Ine kapu inandipulumuka.

Munthu mmodzi yekha, akulu anga aja, ndiye ankawatchula alamu dzina limenelo, ndipo ankatero ali awiri m'galimoto kapena m'nyumba, chitseko chitatsekedwa. Ngakhale ine ndinalimva kamodzi kokha, mwangozi.

Pomwepo Lily analowa kuchokera panja pomwe ankasewera, nakwera pamwendo pa bambo ake, nanunkhiza jekete lawo la mpikisano.

"Adadi," anatero, "mukumveka ndimu."