Msewu wa Masipika Okha

Hazem analowa mu shopu ya zamagetsi imene Nermin ankagwiramo ntchito, pafupi ndi siteshoni ya Raml, akununkhira perefyumu ngati mkwati. Ife a ku Alexandria anyamata otere timawadziwa bwino. Koma mtima ukafuna, umamvera ndani?

"Achemwali, nyimbo zanga zikuda," anatero Hazem.

Nermin anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Zikuda? Sopo amagulitsa kutsidya uko."

Hazem anaseka, kenako anafotokoza. Anali ndi masipika odula otenga nyimbo pa intaneti, koma pa netiweki ya m'nyumba mwake panadzaza foni, TV ndi kompyuta. Iye ankakhulupirira kuti zonsezi zikamaphangirana, nyimbo sizimveka bwino. Ankafuna masipikawo akhale ndi msewu wawowawo.

"Ena amati kusiyana kwake kumangokhala m'mutu mwa mwiniwake," anatero Nermin. "Koma ntchito ndi ntchito. Tibwera Loweruka."

Anapitadi, limodzi ndi amalume ake, eni shopu. Anakoka waya, anaika kabokosi kena, anapatula masipika pa netiweki yawoyawo, n'kubisa dzina lake kuti isamaoneke pa foni ya munthu aliyense. Itakwana nthawi ya pasiwedi, anachita zomwe amachita kwa kasitomala aliyense: anapereka kompyuta kwa Hazem, iye n'kutembenukira kukhoma.

Asanafike n'komwe kushopu, meseji ya Hazem inali italowa kale.

"Nyimbo zayera, koma mtima wanga ndiye wausokoneza. Ubwera liti kudzaukonza, mwezi wanga?"

Mwezi wanga! Nermin anawerenga mpaka foni inatentha m'manja.

Zinayenda mwachangu. Chimanga chootcha m'mbali mwa msewu, mameseji m'mawa uliwonse, malonjezo osatha. "Ndiwe nyimbo yanga yokhayo." "Diso langa likayang'ana wina, lithudzuke." Makolo a Hazem anabwera ndi keke yotsekemera ya basbusa, anthu anapemphera, mphete inalowa pachala.

Tsiku lina Nermin anapempha kanthu kakang'ono.

"Undiuze pasiwedi ya masipika, ndizidzaikako nyimbo zanga ndikamaphika."

"Ayi, duwa langa, foni imodzi yokha basi. Ikalowa yachiwiri nyimbo zimayambanso kuda. Nyumba yonse ndi yako, ine ndemwe ndine wako. Undisiyire kamsewu aka kokha."

Zinamuwawa, koma anaseka. Mwamuna wina amaledzera, wina amatchova juga. Wake misala yake inali masipika. Akanadandaulanji?

Kutatsala sabata kuti ukwati uchitike, linafika tsiku lokweza katundu wa mkwatibwi. Azimayi onse a kwa bambo ndi a kwa mayi ake a Nermin anakwera masitepe a kunyumba kwa Hazem atasenza mbale, mapoto, nsalu zapabedi, nthungululu zili lililili, aneba atadzaza m'makhonde kuonerera. Mayi Afaf, amake a Nermin, anasonkhanitsa zinthu zimenezi kuyambira mwana wawo ali ku pulayimale. Hazem anatsika kukagula zakumwa zozizira.

Shorouk, msuweni wa Nermin amene anakula naye chipinda chimodzi, anaima pabalaza n'kugwira pachifuwa.

"Koma nyumba iyi! Aka n'koyamba kuiona, koma ndachita nsanje. Uli ndi mwayi iwe!"

"Nanga tikugwira ntchito ngati tili pamaliro bwanji?" anakuwa azakhali ena. "Tiikireni nyimbo!"

"Dikirani Hazem, azakhali," anayankha Nermin ali kukhitchini. "Masipika amenewo samva foni ya munthu wina."

Asanatseke pakamwa, ng'oma zinagunda. Nyumba yonse inanjenjemera. Azimayi anamanga mipango m'chiuno n'kuyamba kuvina.

Nermin anatuluka, kapu ili m'manja. Shorouk anali pakati pa bwalo, foni m'mwamba, akuwonjezera voliyumu ndi chala ngati munthu wozolowera.

Aliyense ankaseka. Ndi Nermin yekha m'nyumbamo amene ankadziwa kuti netiweki ija siioneka, ndipo foni siilowamo yokha pokhapokha ngati inalowamo kale.

Anapita kuseri kwa kabati n'kuzula waya. Kunangoti zii.

"Shorouk, wati n'koyamba kubwera muno?"

"Ee, bwanji?"

"Foni yako ndiye yafika liti? Inatsogola yokha?"

"Ine ndangodina basi, mwina ndi..."

"Usandipusitse! Waya uyu ndinakoka ndine! Dzina ndinabisa ndine! Pasiwedi yake ine mwini mphete sindiidziwa. Anakupatsa ndani?"

Shorouk anayang'ana pansi.

Pomwepo chitseko chinatseguka. Hazem analowa ndi mabotolo, akumwetulira mano onse pamtunda. Ataona waya m'manja mwa Nermin ndi foni m'manja mwa Shorouk, kumwetulira kuja kunauma.

"Mwezi wanga, ndikufotokozera. Anangobwera kamodzi kudzandithandiza kusankha makatani. Ndimafuna ndikudabwitse."

"Makatani amafuna pasiwedi?"

"Mvetsera kaye, duwa..."

"Duwa ndi amako! Foni yanga imadetsa nyimbo, koma ya uyu imazichapa eti?" Anatembenukira kwa msuweni wake. "Tsegula mameseji ake. Tsegula! Iwe amakutchula ndani?"

Shorouk analira mokweza. "Anandiuza kuti iwe anangokumvera chisoni. Ankati ndine nyimbo yake yokhayo."

Mawu omwewo, abale! Ngakhale kusinthako liwu limodzi analephera, galu ameneyu. Azakhali aja anawomba m'manja kamodzi n'kulavula. Amake a Shorouk anakhala pansi, mpango udakali m'chiuno.

Nermin sanalire. Misozi inali pafupi, koma mkwiyo unaitsekera njira. Anavula mphete, inakanirira pachala, anaikoka mpaka khungu linasupuka. Anaiika pamwamba pa sipika.

"Tsiku lija ndinatembenukira kukhoma kuti ndisaone chinsinsi chako. Ndinkayesa ulemu. Kodi ndinkadziwa kuti ndikumangira chipinda chobisiramo mchemwali wanga ndi manja angawa?"

"Nermin, anthu atiseka. Makadi a ukwati tagawa kale. Mayi, mulankhuleni mwana wanu!"

Mayi Afaf anatsegula kabati, anatulutsa mbale zomwe anali atangozisanja, n'kuzipatsira azakhali.

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Azimayi, senzani. Osasiya ngakhale supuni."

Katundu anatsika masitepe omwe anakwerera, popanda nthungululu. Aneba anali akadali m'makhonde muja, ndipo palibe amene anabwerera m'nyumba. Nermin anayenda patsogolo, mutu uli chilili, atanyamula poto wamkulu.

Atafika pamsewu foni inalira m'thumba. Anatula poto n'kuwerenga.

"Bwerera, mwezi wanga. Pasiwedi ija nayi, ndakupatsa."

Pansi pake panali pasiwediyo, yokopedwa mothamanga ndi munthu wosokonezeka mutu. Linali dzina la Shorouk ndi chaka chake chobadwa.

Nermin anakumbukira Loweruka lija, iye atayang'ana kukhoma, zala za Hazem zikugogoda kumbuyo kwake, meseji ya mwezi wanga isanalembedwe n'komwe. Apo ndiye anakhala pa poto uja, pakati pa msewu, n'kulira mokuwa.