Mphete M'chitseko Chakale

Tsiku limene kalipentala anabwera kudzakonza khitchini, Chitsiriza ndiye anamutsegulira. Mnyamata wamtali, pensulo kukhutu, utuchi m'tsitsi. Mtima wa mtsikanayo unagunda ngati nyundo!

"Ndinu mwana wa m'nyumba muno, kapena ndi duwa lamera pakhomo?" anafunsa kalipentala.

Chitsiriza anaseka, koma dzanja lamanzere analibisa kumbuyo. Pachala panali mphete ya chitomero, imene anamuveka mphunzitsi wina wogwira ntchito kutali.

Masana omwewo kalipentala anazula chitseko chakale cha khitchini n'kuchitsamiritsa kukhoma. Chitsiriza anayang'ana uku ndi uku, n'kuvula mphete ija, n'kuikankhira m'bowo momwe munali loko. "Masiku awiri okha," anadziuza. Masiku awiri angaphe munthu?

"Mphete ili kuti, iwe?" anafunsa amayi ake.

"Ndavula, amayi. Ndikuopa penti."

Masiku awiri anasanduka masabata atatu. Tiyi ankapita kukhitchini kanayi patsiku.

"Duwa langa, undipha ndi shuga," ankaseka kalipentala. Tsiku lina anaika nyundo pansi. "Ndiuze zoona. Uli ndi wina?"

"Ndilibe."

Bodzalo linatuluka mopepuka, koma linakakhala pachifuwa ngati thumba la simenti.

"Ndiye tamvera. Ndikamaliza makabati a amayi, otsatira ndi a nyumba yathu. Sindidzakuliza, ndalumbira!"

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba. Anali mphunzitsi: "Wapamtima, mphete ija ikukukwanabe? Ndikuwerenga masiku." Chitsiriza analemba kuti, "Ikukwana," misozi ili chuchuchu. Kodi iye anali mtsikana wamtundu wanji?

Loweruka amayi anamutuma kukagula penti. Pobwera anapeza kukhoma kuli mbee!

"Amayi, chitseko chija?"

"Chapita kushopu ya kalipentala. Anachikhoma ndi malemu bambo ako, sindingachitaye. Chikhala tebulo lodyerapo."

Chitsiriza anatulutsa foni msangamsanga. Anamuimbira kalipentala kasanu. Sanayankhe. Analemba kuti, "Wokondedwa, usayambe kupala chitsekocho, tiyambe talankhula." Zii!

Patapita masiku anayi tebulo linafika, losalala, lonunkhira vanishi. Kalipentala analiika pakati pa khitchini, n'kupisa m'thumba la malaya.

"Mayi, ndapeza kanthu aka m'bowo la loko."

"Mayo ine! Mphete ya mkamwini wanga!" anakuwa amayi. "Iwe mwana, kusasamala kwanji kumeneku? Aphunzitsi akanamva tikanawauza chiyani? Ukwati ndi mwezi wamawa uno!"

Kalipentala sanadzidzimuke. Anangogwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wayezanso thabwa n'kupeza kuti sanalakwitse poyamba paja.

Chitsiriza anamuthamangira panja. "Ndikhululukire! Ndimafuna kukuuza, koma ndinkaopa kuti uchoka."

"Tiyi wanu anali wokoma, achemwali," anayankha akumangirira zida panjinga, osamuyang'ana. "Muwapatsenso aphunzitsi wotero."

Achemwali? Duwa lija lafota liti?

Atabwerera m'khitchini anapeza amayi akusisita tebulo. "Taona luso! Pamene panali loko sipakuonekanso. Bwera, vala mphete yako."

Anaivala. Inamukwana bwinobwino, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka kwambiri.

Foni inalira. Uthenga womaliza wa kalipentala: "Bowo lija ndatseka ndi thabwa lolimba. Simudzabisamonso kanthu."

Chitsiriza anakhala pamalo pake patebulo latsopano. Chigamba cha thabwa chija chinali pomwepo, pansi pa dzanja lake lamanzere.