Mayi Wofulatira Uja

Moni owerenga okondedwa, ndipo ayamikike Mulungu amene watisunga mpaka lero. Zimene ndikulembazi zinachitika ku Thyolo mu Julaye chaka chathachi, masanasana, pamaso pa anthu oposa makumi asanu. Ndinazimva kwa mwiniwake, Dainess Mulipa, mphunzitsi wa pulayimale pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi mishoni. A Reinford Likoswe, mkulu wa mpingo amene sakometsera nkhani, anavomereza zonse.

Nyumba yaikulu yosungiramo zaluso ya mumzinda inali ndi pulogalamu yotenga zithunzi zakale n'kukazionetsa kumene zinajambulidwa. Lolemba galimoto yawo inaima pa holo ya esiteti, ndipo Dainess, amene anasankhidwa kuti azilandira anthu, anafika mame asanaume. Panatsitsidwa zosemasema, nsalu zopeta ndi matebulo ophunzitsirapo anthu kujambula. Chomaliza chinali chithunzi cha penti, chachikulu ngati chitseko chogoneka: amayi khumi ndi awiri akutchola tiyi, madengu kumsana. Anachijambula ndi dona wina wa pa esitetipo mu 1957. Pakhadi lake panangolembedwa kuti ndi amayi osadziwika.

"Ntchito yathu sabata ino ndi imeneyi," anatero a Keith Munthali, amene anabwera ndi katunduyo. "Anthu awiri akaizindikira nkhope, dzina tilemba pakhadi, ndipo likhala pomwepo mpaka kalekale. Lachisanu folo koloko tikupakira."

Holo sinaonepo khamu lotero. Otchola tiyi ankabwera akaweruka, nsapato zili matope okhaokha, anamwino ankathamangira pa nthawi ya nkhomaliro, ena anachita kukwera njinga kuchokera ku Thekerani. Dalaivala wina wa thirakitala anayang'anitsitsa mayi wachitatu n'kugwira pakamwa.

"Agogo anga awa. Taonani miyendoyo. Ndiye kuti matewewa si anga ayi, n'ngosiyiridwa."

"Ulesi wokhawo ndi wako," anayankha mkazi wake. "Dengu lawo n'lodzaza."

Anthu anaseka, nthungululu zinalira, wina anayambitsa nyimbo yoyamika Mulungu, holo yonse n'kulandira. Pofika Lachinayi, mayina khumi ndi limodzi anali atalembedwa.

Wakhumi ndi chiwiri anali wofulatira. Ankaoneka msana ndi mpango wokha, akulunjika pamtengo wa m'mbali mwa munda pamene panagonekedwa khanda mu nsalu yofiira.

Mayi ake a Dainess, a Fainess, ankabwera tsiku lililonse n'kukhala pabenchi moyang'anana ndi msana umenewo. Iwo anabadwa chaka chomwecho cha 1957. Mayi awo, a Maud Namaona, anamwalira iwo akadali kuyamwa, osasiya chithunzi, ndipo ngakhale manda awo palibe ankawadziwa. Azakhali amene anawalera ankangonena kuti, "Amako anajambulidwa ndi dona, iwe uli pansi pa mtengo mu nsalu yofiira."

"Ndi iwowa, a Munthali," anachonderera Dainess. "Nsalu ndi iyo, mwana ndi uyo."

"Aphunzitsi, mtima wanga ukuvomera. Koma lamulo likuti nkhope, ndi mboni ziwiri. Msana ndiulembe bwanji?"

A Fainess anamwetulira pang'ono. "Asiye, mwanawe. Zaka zonsezi ndimapempha Mulungu kuti ndidzaone nkhope ya amayi. Andipatsa msana. Nawonso ndi mphatso."

Koma potuluka, Dainess anawaona akucheuka kuyang'ananso msana uja.

Mwambo wotsekera anaukonza ndi Dainess yemweyo, ndipo anaganiza zoukometsa mwa chikale. A Reinford anali kapitawo wa otchola tiyi zaka makumi atatu. Dainess anawapempha kuti aimbe chitsulo cha njanji chimene chikadalendewera pamtengo kunja kwa holo, chomwe kale chinkaitana anthu ku ntchito, kenaka aitane mayina monga ankachitira m'mawa kumunda. Abale a mayi aliyense aziyankha kuti "Alipo." Polemba mndandanda, Dainess anaima kaye, cholembera chili m'mwamba. Kenaka pansi penipeni anawonjezera dzina la agogo ake, osauza munthu. Mumtima anati ngati silikalowa pakhadi, limveke kamodzi kokha m'holomo.

Lachisanu kunacha ndi chiperoni. Pofika fili koloko nkhungu inali itameza minda yonse, fakitale osaoneka. Anthu anadzazabe, ovala majuzi, akufulumizana kuti akakonzekere Sabata.

A Reinford anamenya chitsulo katatu. Analowa akupukuta magalasi, n'kuyamba ndi liwu lawo lakale lija.

Dzina loyamba. "Alipo," anayankha banja lina, ndi nthungululu. Lachiwiri. Lachitatu, dalaivala uja anayankha ataimirira ngati msilikali, anthu n'kufa nako kuseka. Chimwemwe chinkakulirakulira mpaka dzina la khumi ndi chimodzi.

A Reinford anasuzumira papepala. Munthu wozolowera kaundula salumpha dzina.

"Maud Namaona."

A Fainess anadzidzimuka.

Holo inati zii. Madontho a padenga analeka. Dainess anamva fungo la tiyi wongotchola kumene, la saka lonyowa, ndi kautsi ka nkhuni zaziwisi. Khomo linali lotseka.

"Maud Namaona," anabwereza a Reinford, pakuti kumunda dzina linkaitanidwa kawiri.

Panamveka kulira kwa nsungwi, monga dengu lolemera limalirira munthu akamatembenuka.

"Ndilipo."

Anali mawu a mtsikana, otsika, a wefuwefu ngati wachita kuthamanga. Sanachokere kumabenchi. Anachokera kutsogolo, kuseri kwa chingwe chotchinga anthu kuti asagwire chithunzi. Kumeneko kunalibe munthu.

Pepala linagwa m'manja mwa a Reinford.

"Wayankha ndani?" ananong'ona a Munthali.

Onse ankayang'ana a Fainess, amene anali ataimirira n'kumayenda pang'onopang'ono kupita kuchingwe. Dainess anawatsatira.

Mayi wofulatira uja thupi lake linali likadalunjika kumtengo. Koma mutu unali utacheuka. Tsaya linkaoneka, ndi mphini zitatu. Diso limodzi lonse, linalo theka. Sankayang'ana khanda la mu nsalu yofiira. Ankayang'ana kunja, pomwe panaima a Fainess.

Mayi wa pachithunziyo anali mwana ndithu, zaka mwina makumi awiri.

A Fainess anayang'ana nthawi yaitali. Misozi inkatsika koma nkhope ikuwala.

"Dainess," anatero motsitsa, "mphuno yako ija ndi iyi. Ndimadabwa kuti unaitenga kuti."

A Munthali anatulutsa kabuku ka chionetsero, momwe munasindikizidwa chithunzicho. M'kabukumo mayiyo anali wofulatira. Anthu anatulutsa mafoni amene anajambulira Lolemba ndi Lachiwiri: wofulatira. A Munthali anadumpha chingwe n'kuunika tsayalo ndi tochi ya foni. Penti inali youma, yong'aluka timing'alu ta ukalamba ngati pena paliponse.

"A Likoswe," anatero, "nkhope iyi mukuiona?"

"Ndikuiona. Ndi nkhope ya aphunzitsiwa, komanso ya mayi awo."

"Mayi Fainess?"

"Ndi amayi anga."

"Mboni ziwiri," anatero a Munthali. Anagwada, n'kulemba pakhadi dzina la khumi ndi chiwiri.

Sindikudziwa anayambitsa ndani, koma nyimbo ya tsiku la kuuka kwa akufa inabuka kumbuyo, yonjenjemera poyamba, kenaka yamphamvu mpaka malata kulira. Ena ankaimba akulira, ena atagwirana manja. Fungo lija linali litapita, madontho atayambanso. Folo koloko chithunzi chinakulungidwa, galimoto n'kulowa mu nkhungu.

Madzulo ake, potsegulira Sabata, Dainess anaulula kwa a Reinford kuti dzinalo analiwonjezera ndi iye, n'kufunsa ngati anachimwa.

"Mwana wanga, ine ndaphunzitsa zaka zambiri kuti akufa ali m'tulo kufikira lipenga lotsiriza, ndipo mawa ndikaphunzitsanso zomwezo. Koma makutu angawa anamva. Ziwirizi sindingathe kuzilumikiza. Ndazisiya m'manja mwa Mwini wake."

Chitsulo chija sanachiimbenso. A Munthali atafika kumzinda anatumiza uthenga wachidule: chithunzi achipachika, mutu ukadali wocheuka, ndipo akuluakulu awo akuti kabuku kanasindikizidwa molakwika. Za mafoni aja sananenepo kanthu. A Fainess anasiya kupempha pemphero lawo lakale lija. Tsopano amangoyamika, ndipo Dainess akamadya amamupeza akumuyang'anitsitsa mphuno.

Inu owerenga, Iye amene amadziwa nkhosa zake ndi mayina akusungeni pamodzi ndi a m'nyumba mwanu. Dzina lanu lisasowe m'buku lake, ndipo tsiku limene adzaliitane, mudzakhale ndi mpweya woyankhira. Ameni.