Zikhomo za Kumanda a Mpama

Mtembo wa Joel Namakhwa anaupeza Lachiwiri m'mawa m'mphepete mwa manda a Asilamu ku Mpama. Joel anali woyeza malo. Tauni ya Blantyre inali itadya minda mpaka kuyandikira Chiradzulu, ndipo iyeyu ndi amene ankakhoma zikhomo zofiira zosonyeza modutsa msewu wa maploti atsopano. Zina mwa zikhomozo zinalowa m'manda.

Inspekita Dainess Mulinga anafika isanakwane eyiti koloko, n'kupeza anthu atapondaponda paliponse ngati pamsika. Anapsa mtima, ndipo sanabise. Bala linali kunkhongo, lokhapa ndi khasu. Koma chimene chinamuimika ndi kagonedwe ka mtembo. Unali wogonekedwa bwinobwino cha kumanja, nkhope italoza kumpoto, maso otsekedwa, chibwano chomangidwa ndi kansalu. Onse anakana kuti sanaukhudze.

Aliyense ankatchula Edwin, mlimi amene msewuwo unkamudulira dimba pakati. Sabata yapitayo anathamangitsa Joel ndi chikwanje anthu akuona. Pofika masana abale a Joel anali akufunsa kale njira ya kunyumba kwa Edwin, petulo ali m'chigubu. Dainess anatengera Edwin kupolisi ya ku Boma, mwina kumumanga, mwina kumupulumutsa.

M'chipinda chofunsira Edwin anavomera za chikwanje, koma anati m'mawawo anali pa ganyu ku Namitambo. Mboni analibe, poti mwini munda anali atapita ku Limbe. Akuluakulu ankafuna mlandu utsekedwe lomwelo.

"Kwanu munthu akamwalira mumamugoneka bwanji?" anafunsa Dainess.

"Chagada, bwana," anayankha Edwin modabwa. "Nanga pali kugoneka kwinanso?"

Kunalipo. Dainess anakulira pakati pa Asilamu, ndipo ankadziwa kuti kumpoto ndi kumene amaloza popemphera. Joel anali Mkhristu. Amene anamugoneka choncho manja ake anali ozolowera. Anaimbira foni ku ofesi ya Joel, n'kumva nkhani yomvetsa chisoni. Atatero anafunsa kumzikiti kuti amasambitsa maliro a amuna ndani, ndipo anamutchulira Che Lajabu.

Dainess anawapeza pakhonde pawo Lachitatu dzuwa litapendeka. Anali bambo wowonda, wolankhula motsitsa. Khasu lawo linali lotsukidwa mpaka mpini, nthawi yolima ngati imeneyo! Dainess anakhala pansi, n'kuwauza kuti Edwin ali m'chitokosi, ana ake agona kutchire poopa moto.

"Munamutseka maso ndinu, Che Lajabu. Ndikunama?"

Che Lajabu anayamba kufotokoza, osakweza mutu. Akazi awo a Habiba anawaika m'mandamo dzinja lathali. Chikhomo chimodzi chinakhomedwa kumutu kwawo kwenikweni. Anadandaula kumisonkhano yonse, yankho n'kumangokhala loti pulani inachokera kumwamba. Lachiwiri, pochokera kopemphera m'mamawa akupita kumunda, anaona Joel atagwada pamanda a Habiba, hamala ili m'manja. Sanafunse kanthu, anangomukhapa ndi khasu lawo.

"Anatsirizikira m'manja mwangamu," anatero. "Sindikanamusiya ngati galu. Koma msewu pamwamba pa akazi anga, ayi. Edwin mumutulutse, alibe mlandu."

Dainess anali atagwira zigawenga zambiri osamva chisoni. Apa chinamugwira, koma chowonadi sakanachibisa. Anawauza zimene anamva ku ofesi: Joel anakangana ndi mabwana ake mwezi wathunthu mpaka iwo anavomera kukhotetsa msewu kuti ulambalale manda.

"Sanabwere kudzakhoma, bambo. Anabwera kudzazula."

Che Lajabu anatambasula okha manja kuti awamange, n'kufunsa ngati mnyamatayo wasiya ana.

"Awiri," anayankha Dainess. "Akumuika mawa."